Mayi a Mafirizesi ndi Masaya a Eva

Mayi ogulitsa mafirizesi kuseri kwa msika wa Chitipa sadziwa kukhala pansi. Amadya chiimire, amalangiza akuyenda. Matumbo awo ali ndi zilonda zosatha ngati za Eva, kamwana ka Anastasia wa nyumba yoyandikana ndi yawo, ndiye m'mawa uliwonse malamulo amadumpha mpanda: "Tsabola ayi, nyemba ayi, mandasi asawaone n'komwe!"

Anastasia amamvera zonse, ndipo maso ake sachoka pankhope ya mwanayo.

Tsiku lina Eva analowa milomo ndi masaya zili psuu. Anastasia anamunyamula msangamsanga. Kodi ndi magazi? Kapena mankhwala amupweteka? Anathamangira kumsewu akukuwira wa kabaza kuti apite kuchipatala.

Mayi aja anatulukira, ananyowetsa chala n'kupukuta tsaya la mwanayo. Kufiira konse kunatsalira kuchala.

"Ndi firizesi iyi, amake Eva. Ndamupatsa ndine."

"Inuyo? Si inu mumaletsa zotsekemera?"

"Anzake amayamwa, iye ali poteropo akumeza malovu," anayankha akubwerera kale kumalonda awo. "Malovuwo ndameza ine zaka zonsezi. Ake ndinamumezera kale."