Galu wa aTembo wanenepa

Lachiwiri lapitali aTembo anatuluka m'ndende ya ku Mukobeko, ndipo asanakhale n'komwe pansi anafunsa za galu wawo. Ine ndinali pampanda panga, ngati ndikuona matimati. Musandiseke, inunso mukanasuzumira.

ATembo ankalumikiza mabogi kunjanji. Ndi munthu wabwino, koma akalawa mkono umafulumira. Tsiku lina kumowa anatema mnzawo ndi botolo, mnzawoyo n'kukagona m'chipatala, iwo n'kukalowa m'ndende. Ntchito inathera pomwepo, nyumba ya ku Railways inapita nayo. Akazi awo, amake Dalitso, anadzapeza zipinda ziwiri kuno ku Ngungu, moyang'anana ndi ife. Anafika ndi ana atatu, mbaula, ndi galu wakuda bii dzina lake Malasha.

Mukudziwa mmene timachitira ndi banja la mkaidi. Sitilitukwana ayi, ndife anthu opemphera ife. Timangofupikitsa moni. Ana athu akapita kukasewera kumeneko timawakumbutsa kuti mbale sanatsuke.

Nawonso amake Dalitso si munthu wopempha. Mayi wina wakumpingo anawapititsira ufa m'kambale, iwo anabweza ndi manja awiri, ati zikomo, tili nawo. Ankakazinga nsawawa n'kumagulitsa pamsewu, mutu uli m'mwamba, chitenje chochapa bwino. Ana ankatuluka atadzola. Ukawaona ukanati zinthu zikuyenda.

Koma galu sadziwa kubisa. Malasha anayamba kuonda mpaka nthiti zonse kuonekera, mchira uli pakati pa miyendo, ubweya ukuthothoka. Kuuwa anasiya. Mlendo akalowa ankangokweza diso limodzi n'kugonanso.

Nkhani inaululika pampopi. Amake Dalitso anauza mkazi wanga, amake Tisa, kuti akapita kukaona amuna awo kundende amafunsidwa za galuyo, ndipo iwo amayankha kuti ali bwino, wanenepa. Za ana ankayankhanso chimodzimodzi. Sanafune kuti munthu ali mkati muja azigona akuganiza za njala ya kunyumba. Tsopano uthenga unali utabwera kuti atulutsidwa posachedwa.

"Manje nizachita bwanji?" anatero, akuseka koma maso ali ofiira. "Bana ningabavalike bwino. Koma bakamuona chabe Malasha, bazaziba vonse."

M'mawa mwake ndinaona mkazi wanga akutapa ufa m'thumba lathu. Ufa umene anauimira pamzere kuyambira mbandakucha, dzuwa n'kumuwotcha, amayi anzake n'kumuponda zala. Anawoloka nawo msewu, ndipo ndinamumva akunena mokweza kuti mzere wonse umve: "Odi, nabwelesako ka unga ka galu."

Amake Dalitso analandira.

Atabwerako ndinamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ufa ukusowa chonchi m'tauni muno, iye n'kumadyetsa galu wa eni? Anangondiyang'ana n'kupitiriza kusesa.

Kenako zinafalikira ngati chimfine. Amayi Mwale anapita ndi tinsomba ta kapenta ta galu. Amake Chanda, Abemba a pakona, anapita ndi nyemba za galu. Wina anapita ndi repu, winanso ndi mafuta ophikira m'kabotolo. Ine chikhalire sindinaonepo galu wodya ndiwo zamasamba zothira mafuta, koma nkhani za amayi ukazilowerera umatuluka wopanda malaya.

Patapita masabata angapo ndinamuyang'ana Malasha. Anali chimodzimodzi, mafupa okhaokha. Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinati chakudya chonsechi chikupita kuti? Tikunyengedwa masana dzuwa likuswa mtengo.

"Batate Tisa," anatero mkazi wanga, "lekani kuyangana galu. Yanganani masaya ya bana."

Ndinayang'ana. Dalitso anali akuthamangitsa mpira wa mapepala ndi anzake, pomwe kale ankangokhala pakhonde. Kamlongo kake kakang'ono kanali katayamba kudzaza diresi. Ndinachita manyazi pang'ono, koma chimene chinakula mwa ine chinali chimwemwe, ndipo sindibisa.

Komabe vuto la amake Dalitso linali lisanathe. Amuna awo akubwera, galu akadali woonda. Ndiye ndinati popeza mzere wonse ukudyetsa galu amene sakudya, ine ndidyetsa galu weniweniyo.

Ndinayamba molakwitsa. Ndinakapempha mafupa ndi zamkati kubutchala, ndinaphika beseni lodzaza, ndinamuikira. Anameza zonse osapuma, n'kukazisanza kuseri kwa chimbudzi. Mimba imene yazolowera njala siilandira phwando.

Ndinasintha. Ndinayamba kumuphikira phala la gaga, lamadzimadzi, n'kumawazamo fumbi la kapenta lija limatsalira pansi pa thumba kumsika. Pang'ono m'mawa ndisanapite kuntchito, pang'ono masana amake Tisa ankamupatsa, pang'ononso madzulo. Ndinakatenga mankhwala a njoka zam'mimba kwa a zoweta, chifukwa galu wa njoka ukamudyetsa umakhala ukudyetsa njokazo. Loweruka ndinkakhala naye pansi n'kumamuzula nkhupakupa m'makutu. Mafupa ndinawabwezeretsa mimba itakhazikika.

Sizinachitike msanga. Choyamba kubwerera chinali ubweya, kenako mchira unadzuka. Tsiku lina ndikulowa ndi mbale yake anandiuwa ine ndemwe, mwini phala. Sindinakondwepo chotero ndi chipongwe.

Masiku onsewa ndakhala ndikudzifunsa: n'chifukwa chiyani panafunika galu kuti mbale iwoloke msewu wopapatiza chonchi?

Kumudzi kwathu kum'mawa mayi ankangotuma mbale yovundikira kunyumba ina, osanena kanthu, ndipo mbaleyo inkabwerako osafunsidwa kanthu. Kuno kutauni tinaphunzira mipanda. Wopatsa akuopa kuti anthu amuona akugwirizana ndi nyumba ya mkaidi. Wolandira akuopa kuti mawa dzina lake lidzamveka pampopi. Onse awiri amagona mtima ukuwawa, mmodzi ndi njala, mnzake ndi ufa umene akudziwa kuti akanagawa.

Pamaliro tokha ndiye timamasuka. Munthu akamwalira ufa umapezeka, nkhuni zimapezeka, ngakhale shuga amene sitinamuone m'sitolo chiyambire mwezi amatulukira. Kodi munthu azichita kufa kuti tidziwe njira ya kunyumba kwake?

Koma sindikufuna kudandaula sabata ino. Zimene ndaona mu mzere wathu zandilimbitsa mtima. Amayi aja sanachite msonkhano, sanasankhe wapampando, sanadikire achipani kapena abusa kuti awauze. Mtima wopatsa unalipo kale. Chimene chinkasowa ndi mawu oti anene pakhomo, oti mnzawo alandire mutu uli m'mwamba.

Tsono Lachiwiri lija aTembo anatsika minibasi ndi kathumba kakang'ono, ataonda iwonso, tsitsi litayamba imvi. Malasha anawadumphira mpaka anatsala pang'ono kuwagwetsa. Anamusisita msana, n'kumugwira m'nthiti.

"Kanshi wanenepa zoona," anatero.

Kenako ananyamula mwana wamng'ono uja. Anamukweza, n'kumutsitsa, n'kumukwezanso ngati akumuyeza kulemera. Anayang'ana akazi awo, anayang'ananso nyumba za mu mzere imodziimodzi. M'tauni muno nkhani ya ufa aliyense akuidziwa, ngakhale a m'ndende.

Dzuwa litapendeka anayenda khomo ndi khomo. Atafika kwa ine anandigwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya msanga.

"Ba neba, zikomo pa galu."

"Ni galu wabwino," ndinayankha.

Ndikuganiza kuti akudziwa zonse, ndipo akudziwanso kuti ife tikudziwa. Dzulo ndamva kuti apeza ganyu kwa wowotcherera mbaula kumsika, ndipo amene wawalankhulira ndi aMwale, amuna a amayi Mwale aja, omwe kale ankawoloka msewu poopa moni.

Kumapeto kwa mzere wathu kuli nyumba ina. Mwamuna wa m'nyumbamo anapita ku migodi kukafuna ntchito, ndipo kwangoti zii. Ana asiya kupita kusukulu, utsi sutuluka tsiku lililonse, koma amayi awo akamadutsa amapereka moni wansangala, chitenje chochapa bwino. Tonse tikuwaona.

Amayi amenewo alibe galu. Kodi tidikira mpaka amupeze?