Chulu cha panjira ya ku Manyamula

Vitumbiko mnzanga, lero ndadutsa pa vidiyo sho ya pamsika wa Mzimba, ana atadzazana kuonera chilombo chochokera kumwamba chikumeza mzinda. Amaseka. Ine ndakumbuka iwe ndi nkhani zako zoopsa zomwe unkalemba m'kope la sukulu, zija ndinkati siziopsa chifukwa mulibe mfiti.

Tsiku lina tikupalasa njinga kuchokera kophunzitsa, unaima pomwe anthu ankagumula chulu kuti aumbe njerwa. Chiswe chinali balalabalala padzuwa. Unati, “Ukuona? Anthu awa sadana nacho chiswe, akufuna njerwa mbwenu. Mfiti ndi yabwino chomene, imakudziwa dzina. Choopsa ndi chinthu chachikulu chomwe chingatiphwanye osadziwa n'komwe kuti tinalipo.” Ndinakuuza kuti usiye zachikunja, tichedwa.

Papita chaka chichokereni iwe. Unadwala masiku atatu okha. Pamaliro pako ku Engutwini anthu ankanong'onezana kuti alipo wakulodza, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkalakalaka zitakhala zoona. Bola pakanakhala wina wokuganizira mpaka kudana nawe. Koma palibe, Vitu. Dzuwa linatuluka monga mwa masiku onse, belu la kusukulu linalira, kalasi yako anaipatsa mphunzitsi wina.

Ndimapemphera ndithu, koma mawu ako aja amandisokoneza pakati pa pemphero. Pamene panali chulu paja pano pali nyumba yamalata. Eni ake ndi anthu abwino, amandipatsa moni ndikamadutsa.