Kope la Wided

Wided ndinamudziwa chaka choyamba pa sukulu ya zamafilimu ku Tunis, ndipo kunena zoona sindinkamuwerengera. Ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, atavala juzi yake yotuwa ya masiku onse, kope lili pamiyendo. Ine ndinkakhala kutsogolo. Ndinakulira ku La Marsa, m'nyumba imene mafilimu anali odzaza kabati, moti pofika zaka khumi ndi zisanu ndinali nditaloweza kale zonse zimene filimu yoopsa imafuna: foni yolira m'nyumba mopanda munthu, chogwirira chitseko chikutembenuka pang'onopang'ono, mkazi akukwera masitepe nyimbo itangoti zii. Aphunzitsi athu, amene mwaulemu tinkawatchula kuti Si Mongi, akamafunsa funso, dzanja langa linkakhala lili m'mwamba iwo asanamalize.

Kwawo kwa Wided kunali ku Bab Souika. Bambo ake ankayendetsa minibasi ya ku Béja, mayi ake ankakolopa m'sitolo ina ya mankhwala. Anali woyamba mwa ana asanu, onse aakazi, onse ogona chipinda chimodzi. Mafilimu ambiri amene ife tinkakanganira pa nthawi yopuma, iye anali asanawaonepo.

Tsiku lina Si Mongi anationetsa kachigawo ka filimu ya ophunzira akale, n'kufunsa chimene chinalakwika. Ine ndinalankhula nthawi yaitali za kuwala ndi nyimbo. Iwo anangogwedeza mutu. Kenako kumbuyo kunamveka mawu otsika.

"Ndudu."

"Ndudu yatani, mwana wanga?" anafunsa Si Mongi.

"Pamene bambowo amayang'ana kukhomo inali itatsala pang'ono kutha. Potembenuka yatalikanso. Komanso batani la m'khosi linali lomanga, pano ndi lomasula."

Anabweza filimuyo. Zinali choncho ndithu.

"Zimenezi unaziphunzira kuti?"

"Kunyumba. Mukamagona asanu m'chipinda chimodzi, umadziwa amene wakhudza chipeso chako."

Kalasi yonse inafa ndi phwete, Si Mongi mpaka kuvula magalasi n'kupukuta misozi. Ine sindinaseke. Miyezi inayi ndikuyankha mafunso awo, anali asanavulepo magalasi chifukwa cha ine.

Kuyambira pamenepo aliyense wojambula filimu ankafuna Wided. Filimu sijambulidwa motsatana. Munthu amatsegula chitseko Lolemba ku Bardo, n'kukalowa m'chipindamo Lachinayi ku Ariana, ndipo pamafunika wina wokumbukira kuti chikwama chinali paphewa liti, tsitsi linagwera mbali iti, munthuyo anatulukira kumanja kapena kumanzere kwa chithunzi. Ntchito imeneyi ambiri ankaithawa chifukwa ilibe ulemu. Wided ankaikonda. Ankaima pambali pa kamera n'kumalemba, kujambula timapu ta matebulo, kuyeza ndi chala pamene tiyi walekezera mu tambula.

Chaka chomaliza ine ndinapatsidwa mwayi wotsogolera filimu yotsanzikira sukulu. Nkhani yake ndinalemba ndekha: mkazi wokhala yekha, amene sakudziwa kuti m'nyumba mwake mwabisala mwamuna. Wided ndinamutenga, osati chifukwa chomukonda, koma sindinkafuna kuti atengedwe ndi gulu lina.

Tinkajambulira m'nyumba ya azakhali anga a Habiba ku Lafayette, iwo atapita kukasambira madzi otentha ku Korbous. Munali mu Julaye. Tinatchinga mawindo onse ndi mabulangete kuti muoneke mdima, ndipo pofika masana m'nyumbamo munali ngati mu uvuni. Mkazi wa m'nkhaniyo anali Dorsaf, mtsikana wa masewero wa ku Sfax. Mwamuna wobisalayo anali msuweni wanga Lotfi, amene ankaphunzira zamalamulo ndipo ankakhulupirira kuti kuopseza anthu n'kutong'ola maso.

Tsiku lachitatu, lomaliza, zinthu zinathina. Dorsaf anali ndi sitima ya 4 koloko. Azakhali anaimba foni kuti akubwera mawa lake. Panali patatsala zithunzi zisanu ndi ziwiri. Tili pafupi kuyamba, Wided anandikodola.

"Sondes, taima kaye. Mpango wofiira uja dzulo unali pampando. Pano uli pa msomali wa kuchitseko."

"Usiye pomwepo."

"Tambula nayonso inali kumanja kwa foni, tiyi ali pakati. Wina waitsuka. Ndipatse mphindi zisanu zokha ndiwiritse wina."

Anthu onse ankandiyang'ana. Thukuta linali likutsika kumsana. Ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti wa kamera anali atachotsa kale diso pa kamera, akudikira mawu a Wided, osati anga.

"Iwe, anthu sabwera kudzaonera tambula," ndinatero mokweza. "Filimuyi ndi yako kapena ndi yanga? Pita ukalondere chipeso chako kunyumba."

Lotfi anaseka. Wided anatsegula kope, n'kulemba kenakake, n'kubwerera pamalo pake. Tinajambula. Dorsaf anaipeza sitima.

Patapita milungu iwiri ndinalumikiza zithunzi zonse n'kukaonetsa Si Mongi m'chipinda cha makompyuta. Pamene Lotfi ankatuluka kuseri kwa chitseko, mpeni uli m'manja, maso ali tong'o, iwo anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Pepa, Sondes. Mnyamatayu akuoneka ngati wameza mbewu ya pichesi. Nanga mpangowu ukuyenda wokha? Uli ndi sabata imodzi yoti ukonze."

Kujambulanso kunali kosatheka. Dorsaf anali ku Sfax, ndipo azakhali atapeza misomali m'mafelemu a mawindo awo analumbira kuti kamera sidzapondanso pakhomo pawo. Ndinakhala masiku awiri ndikudula apa, kumata apo, koma zinkangoipiraipira. M'mawa wa tsiku lachitatu Wided analowa atanyamula mafrikase awiri, timabuledi tokazinga ta nsomba mkati, m'pepala la mafuta. Anandipatsa imodzi n'kukoka mpando.

"Tasuntha ndione."

Ndinasuntha, chifukwa nzeru zinali zitandithera. Anayala kope lake pambali pa kompyuta. Chithunzi chilichonse chinali ndi nambala, ndipo pa tsamba la tsiku lachitatu analemba chilichonse chimene chinasuntha. Anagwira ntchito maola atatu. Kenako anati, "Taona, koma usakalipe isanathe."

Lotfi anali atamuchotsa. Mpeni, mthunzi wa pakhoma umene ndinauvutikira theka la tsiku, mapazi okwera masitepe, zonse kunalibe. Munatsala Dorsaf yekha m'nyumba. Akuika mpango pampando, akupita kukatseka madzi kukhitchini. Pobwerera, mpango uli pachitseko. Iye sakuuona, koma ife tikuuona. Akuyankha foni, tambula ya tiyi ili pambali pake. Akutembenukira kuzenera, akubwerera, tambula ili mbali ina, yopanda kanthu, yowala ngati wina waitsuka. Chithunzi chomaliza chinali nkhope ya Dorsaf, chimene tinajambula mwangozi iye akudikira kuti ndinene kuti tiyambe, akuyang'ana pang'ono kuseri kwa kamera.

Nyumbayo ndinkaidziwa, ndinkaseweramo ndili mwana, tambulayo ndinkadziwa kuti anatsuka ndi mnyamata wathu wa magetsi, koma ndinachita mantha. Mantha atatha panabwera mkwiyo.

"Wadula theka la filimu yanga."

"Ndasunga yakoyo. Ili apa. Sankha wekha."

"Filimu yoopsa yopanda chigawenga inayamba yaonekapo?"

"Kaya. Ine sindinaonere zambiri ngati iwe," anatero akupukuta zala papepala. Sankandinyoza ayi. Akanandinyoza bwenzi zili bwinoko.

Ndinasankha yake. Pa mayina a kumapeto ndinalemba langa kawiri, wolemba ndi wotsogolera, m'zilembo zazikulu. La Wided ndinaliika pansi, pakati pa wa magetsi ndi mawu othokoza azakhali a Habiba.

Filimu za ophunzira zinaonetsedwa Loweruka masana m'holo ina ya m'tauni, makolo ali momwemo. Mpango utaoneka pachitseko, mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Tuluka, mwana iwe, tuluka!" Anthu anaseka, koma kuseka kwa mantha. Itatha anaomba m'manja nthawi yaitali. Tinalandira mphoto yoyamba, kachikho kagalasi, ndipo amene anakwera kukalandira ndi ine.

Panja, anthu akumwa zoziziritsa kukhosi, Si Mongi anabwera ndi bambo wina wa ndevu zaimvi, Si Ridha, wopanga masewero a pa TV.

"Uyu ndiye wotsogolera," anatero Si Mongi. "Tatiuza, Sondes, zochotsa mwamuna uja anaganiza ndani?"

Wided anali pomwepo, akuthirira mng'ono wake madzi m'kapu.

"Tinaganizira limodzi," ndinatero.

Si Mongi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi. Wided anapitiriza kuthira madzi.

Lolemba lake Si Ridha anandiimbira foni. Ndinathamangira kuchipinda kuti mayi anga asamve. Anayamikira filimuyo mwaulemu, kenako anati, "Mwana wanga, ndithandize nambala ya mtsikana wa kope uja. Tikuyamba sewero la Ramadani mwezi wamawa, ndipo amene timagwira naye wapita kukabereka."

Ndinati ndiifufuza. Nambalayo inali mufoni yomwe ndinali nditagwira. Ndinakhala nayo masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti nditumiza mawa, ndipo tsiku lililonse ndinkayembekeza kuti apeza wina. Nditatumiza, anayankha kuti zikomo, Si Mongi anawapatsa kale.

Papita zaka khumi ndi zinayi. Wided wagwira masewero a Ramadani osawerengeka, mafilimu a ku Tozeur ndi ku Kef, ndipo tsopano ndi iye amene amalumikiza zithunzi. Otsogolera amasuntha masiku awo ojambulira kuti amupeze. Mumsewu palibe amene amamudziwa. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu, ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amakhala misewu iwiri kuchokera kwa mayi ake, ndipo galimoto sanaphunzirebe kuyendetsa. Ine ndimapanga zotsatsa malonda, yogati ndi sopo wochapira. Ndili ndi ofesi ku Lac ndi antchito asanu ndi mmodzi. Anthu amati zinandiyendera, ndipo sindiwatsutsa. Filimu yachiwiri ndinailemba katatu, ili mu dirowa.

Chaka chatha m'nyengo yozizira tinakumana mwangozi pamalo ogulitsa lablabi, supu ya tchana yothira pa buledi, pafupi ndi Bab El Khadra. Anandikumbatira ngati tinasiyana dzulo, n'kundikokera pa benchi yake. Tikunyemera buledi m'mbale, ndinaona kuti ndikapanda kunena tsiku limenelo sindidzanenanso.

"Wided, nambala yako ija Si Ridha anandipempha ine poyamba. Ndinaisunga dala."

"Ee, anandiuza," anatero akupempha harisa wina, tsabola wopera. "Ankati mwina foni yako inagwera m'nyanja."

"Ndiye sunakwiye?"

"Ndinakwiya Lachiwiri ndi Lachitatu. Kenako tinayamba kujambula, kunali anthu makumi anayi, aliyense ndi ndolo zake, nthawi yokwiya ndikanaitenga kuti?" Anandiyang'ana, sipuni ili m'malere. "Iwe, usandiuze kuti wakhala ukuzisenza zimenezi mpaka lero. Idya, zikuzizira."

Ndinkafuna andikalipire, kapena alire, kuti ndidziwe kuti nanenso ndinali kanthu m'moyo wake. Iye anayang'ana wotchi, n'kudzuka mofulumira chifukwa mwana wake ankaweruka 1 koloko. Anandipsompsona masaya onse awiri n'kuthamangira takisi, chikwama chikumumenya m'chiuno.

Ramadani itafika, madzulo ndinkakamasulira kusala kudya kwa mayi anga. Tikatha kudya supu ndi mabriki, ofanana ndi samusa, iwo ankayatsa TV kuti aonere sewero limene Tunis yense ankalikamba, ndipo wolumikiza zithunzi zake anali Wided. Ine ndinkati sindikuonera, koma ndinkakhala pakona ya sofa n'kumayang'ana manja a anthu, makapu, mabatani, kudikira kuti tsiku lina chinachake chisunthe. Masiku makumi atatu sindinapeze kanthu. Tsiku lomaliza, mayina akukwera, mayi anga anayandikira TV n'kuloza dzina la Wided ndi chala.

"Uyu si mnzako wa juzi uja?"

"Ndi yemweyo."

"Mwana wabwino. Bwanji iwe sumapanga nawo zoterezi, zoti anthu n'kumalira?"

Ndinatolera matambula n'kupita nawo kukhitchini. Ndinatsegula madzi kwambiri kuti ndisamve ngati akufunsanso.