Kuseri kwa kauntala ya a Saidi

Linali Lachitatu, mu Julaye 1978, cha m'ma teni koloko m'mawa, m'sitolo ya malemu a Saidi pa boma la Mchinji. Mwana wawo Yusufu anali atakhoma chikwangwani cha Chingerezi choletsa aliyense kupita kuseri kwa kauntala. A Nkhoma a kwa Zulu, amene kwa zaka zambiri ankamwera tiyi kuseri komweko ndi malemuwo, anandikoka malaya.

"Inu a sekondale, palembedwa chiyani apa?"

Ndinaopa kuwauza kuti akuthamangitsidwa. Ndinasankhapo liwu limodzi, behind, n'kulikakamira. Ndinati limatanthauza kuseri kapena kumbuyo, ndipo ndi pachibale ndi hind, liwu lakale limene Angerezi amatchulira miyendo yakumbuyo ya ng'ombe. Ndinaperekanso zitsanzo: kuseri kwa nkhokwe, kumbuyo kwa ngolo. Zonsezo zinali zoona. Ndinangodumpha liwu loletsalo, pomwe ndilo linalembedwa mokulira.

"Ndiye kuti walemba malo anga," anatero a Nkhoma akumwetulira. "Mwana waulemu uyu."

Anazungulira kauntala, chipewa kumanja. Yusufu anawabweza pamaso pa anthu: "Madala, sanakuwerengereni a sekondalewo?" Ine ndinali nditaweramira matayala a njinga ngati wogula, chikhalirecho njinga ndinalibe.

M'mawa mwake ndinasenza mpando wa m'nyumba mwanga mpaka pakhonde la sitoloyo, ndinagula makapu awiri a tiyi, n'kudikira. A Nkhoma atatulukira, akufuna kulambalala, ndinawaitana, n'kuwawerengera chikwangwani chonse.