Alamu Anga Anathawa Mpeni wa Dokotala

Lachiwiri sabata yatha ndinalandira uthenga wochokera kwa alamu anga a Muhiwa woti ndifike msanga pa Chonde chifukwa ali ndi chinthu chondionetsa. Ndinaganiza kuti mwina agula wailesi. Nditafika ndinawapeza atakhala pakhonde la a Sumaili, telala wa pamsikapo, anthu atawaunjirira ngati pagwa ngozi, iwo atakweza kabotolo m'mwamba.

"Alamu, bwerani mudzaone adani anga," anatero. "Ndawatulutsa onse, popanda mpeni!"

M'kabotolomo munali tinthu tobiriwira, tobulungira ngati nandolo wamuwisi. Ankati imeneyo ndi miyala yochokera m'mimba mwawo.

Ndiyambe ndakuuzani za munthuyu. A Muhiwa anakwatira mlongo wanga Esinala, ndipo ndi kapitawo pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri. Ndi mwamuna wamtali, wa mawu ngati bingu. Akakuwa m'munda, othyola tiyi a tsidya lina la mtsinje amawerama n'kufulumiza manja. Njoka saiopa. Mzungu wa pa esiteti samuopa. Koma muwaonetse jakisoni, mudzaona bambo wa ana asanu ndi mmodzi akufunsa njira ya kuchimbudzi.

Kwa miyezi ingapo akhala akumva kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, makamaka akadya nkhumba yokazinga kapena mapeyala. Ululu wake unkakwera mpaka paphewa. Esinala atatopa ndi kubuula kwawo anawakokera kuchipatala, ndipo kumeneko anawatumiza ku Blantyre. Anawamwetsa mapilisi, kuwajambula, kenako dokotala anati m'ndulu mwawo mwadzaza timiyala. Njira inali imodzi yokha, kuwachita opaleshoni n'kuchotsa ndulu yonseyo.

"Mundigoneka tulo?" alamu anafunsa.

Dokotala anati inde.

"Nanga wondidzutsa ndani?"

Dokotala akufotokoza, alamu anali atavala kale chipewa. Esinala anakawapeza pokwerera basi.

Nkhani itangomveka kumudzi, madokotala anamera ngati bowa. Wina anati awiritse mizu ya papaya wamwamuna. Mayi wina wa kumpingo anati azimwa madzi a nanazi wosapsa dzuwa lisanatuluke. Munthu wina wa pantchito pawo, amene ndikukhulupirira kuti anali ndi mangawa ndi kapitawo wake, anati akwere njinga yopanda mpweya kukafika ku Milonde, miyala iphwanyike ndi mabampu. Alamu anakweradi. Anabwerako madzulo akuikoka njingayo, gudumu litapindika, matako atatupa, miyala ili chikhalire.

Nanenso ndisadziyeretse. Ndinawauza kuti ayese masamba a gwafa. Ine mphunzitsi wa Sitandade 4, amene za m'mimba ndimangodziwa kuti chakudya chimalowera kuno n'kutulukira uko.

Koma amene anapambana onse anali a Furansishiku, bambo wa ku Muloza amene amakaoda katundu ku Milange. Iwo anabwera ndi chitini cha mafuta a Apwitikizi otchedwa azeti.

"Amigu," anatero, "kwawo kwa azungu amenewa simungapeze munthu wodwala miyala. Imwani kapu yodzaza, mufinyiremo mandimu, mugonere kumanja mutapinda miyendo. Mawa mudzandithokoza."

Sanafike kwawo kwa Apwitikiziko a Furansishiku. Malire awo ndi Milange. Koma anayankhula ngati munthu amene anabadwirako, ndipo chitinicho chinali ndi malemba amene palibe anatha kuwawerenga. Mankhwala a chilankhulo chachilendo angalephere bwanji?

Lamlungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi, alamu anagugudiza kapu ija. Esinala akuti nkhope yawo inakwinyika ngati ya mbuzi yolumidwa ndi mavu. Pofika masana ntchito inayamba. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma alamu anga chitseko anangochisiya chotsekula, chifukwa nthawi yochitsekera panalibe.

"Ndiye tsoka linagwera sefa yanga, achimwene," Esinala anandidandaulira. "Sefa yanga ya ufa! Akuti amafuna umboni. Ndakaiponya kudzala."

Umboni wake ndi umene unali m'kabotolo pakhonde la a Sumaili.

Tsono mukudziwa mmene dzuwa likuwombera masiku ano. Alamu anaika kabotoloko pawindo kuti manja onse awiri athandize kufotokoza, pakuti nkhaniyo anali kuibwereza kachisanu ndipo inkakula ulendo uliwonse. Miyala ija tsopano inkatuluka ikulira ngati mfuti. Ali pakati pa kufotokoza, a Sumaili anaimitsa makina awo osokera.

"Bwana kapitawo," anatero, "miyala yanu ikutuluka thukuta."

Tonse tinatembenuka. Alamu anatenga kabotolo n'kukagwedeza. Munalibe kulira kwa mwala. Munali phala lobiriwira, mafuta atayandama pamwamba. 

A Furansishiku, amene anabwera kudzalandira ulemu wawo, sanaphethire n'komwe.

"Mwaona mphamvu yake?" anatero. "Mankhwala akugwirabe ntchito ngakhale miyala ili kunja kwa thupi."

Owerenga anga, anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Mayi wina anafunsa ngati azetiyo amathandizanso nyamakazi.

Kodi ife tili ndi vuto lanji? Takwerani basi ya ku Limbe, mutsokomole kamodzi kokha. Musanafike pa Luchenza mudzakhala mutapatsidwa mankhwala asanu, ndipo wachisanuyo adzakuuzani kuti anayi oyambawo ndi amene anapha malume ake. Munthu akati wailesi yake yafa, timamuuza kuti apite nayo kwa amisiri. Akati wotchi yaima, palibe amene amati aithire mandimu. Koma akangoti m'mimba, aliyense amakwinya malaya.

Sindikunyoza mankhwala a kunyumba ayi. Mandimu andichiza chimfine kambirimbiri. Masamba a gwafa andipulumutsa pa maulendo amene sindingawafotokoze m'nyuzipepala. Koma mwala? Ife a ku Mulanje kuti tinamizidwe za mwala? Phiri lathuli mvula yakhala ikulimenya chilengedwere dziko, ndipo sindinamve kuti lachepako. Ndiye mandimu anayi atani?

Chimene chimatithamangitsira kwa a Furansishiku ndi mantha basi. Mudzi uliwonse uli ndi nkhani ya munthu amene anapita ku opaleshoni osabwerako. Timaikamba pamaliro, pachigayo, pamowa. Chimene timaiwala kunena n'chakuti munthuyo anakhala miyezi itatu akumwa mizu kuseri kwa nyumba, ndipo kuchipatala anafika atanyamulidwa, akupumira m'mwamba. Mlandu timaupereka kwa mpeni, mizu ija n'kutuluka yoyera.

Lachinayi kuseka kunatha. Alamu anadzuka thupi likutentha, akusanza, maso atasanduka achikasu ngati mkati mwa dzira. Esinala ananditumizira mawu kusukulu, ndipo ndinasiya ana akulemba masamu. A ku esiteti anatithandiza ndi lole. Tinawagoneka pamatumba kumbuyo, Esinala atawagwira mutu, ine miyendo. Bampu iliyonse inkawatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu wamkulu.

Titadutsa minda ya tiyi alamu anandigwira dzanja.

"Alamu," anatero motsitsa, "ndikapanda kudzuka, Joyisi asasiye sukulu. Mutu wake ndi wabwino."

Joyisi ndi mwana wawo woyamba, ali Fomu 1. Esinala anatembenukira kumbali n'kudziphimba ndi chitenje. Ine ndinayang'ana m'lolemo. Wa papaya munalibe. Wa nanazi munalibe. A Furansishiku anali ku Milange kukaoda katundu. Pa madokotala onse aja munali ine ndekha, wa magwafa, ndipo manyazi anandigwira.

Ku Blantyre anati mwala wina watseka njira ya ndulu ndipo m'katimo mwatupa. Anayamba ndi majakisoni kuti kutentha kutsike. Alamu, amene kale ankathawa singano, ankangotembenuka okha n'kutsitsa kabudula. Esinala atamufotokozera namwino za miyala yosungunuka ija, namwinoyo anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Bambo, mafuta ndi mandimu zikakumana m'matumbo zimaundana," anatero. "Inu munangopanga sopo."

Lolemba sabata ino anawalowetsa ku opaleshoni. Tinadikira panja, Esinala akupemphera, ine ndikuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Atawabweza kuwodi anagona nthawi yaitali. Kenako anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana mkazi wawo.

"Esinala," ananong'ona, "auze ayambe msanga, ndisanasinthe maganizo."

"Amaliza kale, bambo a Joyisi."

"Osandifunsa?"

Namwino anabweretsa miyala yeniyeni m'kambale kachitsulo. Inali yoderako, yolimba, ya makona ngati chimanga cha kumchira kwa chitsononkho. Alamu anaigwedeza pafupi ndi khutu, namva ikulira. Anafunsa ngati angayese kuluma umodzi, koma Esinala anawalanda mbaleyo.

Dzulo ndinapitanso kukawazonda. Ndikulowa m'wodi ndinamva bingu lija labwerera. Anali atakhala tsonga, malaya atakweza kuti bandeji ioneke bwino, akuyankhula ndi mkulu wina wa pabedi loyandikana nalo, amene anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mwendo.

"Opaleshoni si kanthu, achimwene. Ine ndinawauza ndekha madokotala kuti dulani apa," ankatero. "Koma zanuzi n'zosavuta. Fupa limafuna msuzi wa mapazi a nkhuku yakuda. Muuze mayi a kunyumba akuphikireni, athiremo mandimu pang'ono."

Mkuluyo anali kumvetsera ndi mtima wonse, mkazi wake akubwereza mawuwo chamumtima kuti asaiwale.

Ndinatuluka ndikupukusa mutu. M'basi pobwerera ndinakhala ndi mayi wina amene ankasisita bondo lake akudandaula kuti latupa kwa milungu iwiri. Ndinangozindikira pakamwa panga patatseguka, mawu oti "masamba" atatuluka kale. Ndinawameza otsalawo ngati mbatata yotentha, n'kunena kuti, "Mayi, kaonetseni kuchipatala." Anandiyang'ana ngati munthu womana.

Tsono inu amene mwawerenga mukuseka alamu anga, tandiuzani zoona. Chiyambire mwezi uno mwauza anthu angati mankhwala oti amwe, ndipo ndi angati mwa iwo amene munabwerera kukawaona ngati akadali moyo?