Kaphazi kamene ndinapempha

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Maputo. Mwezi watha ananditumizira pa foni chithunzi chimene anachiona mu muzeu, nyumba yosungiramo zojambula. Anati, "Amayi, taonani, alemba kuti ndi cha kwathu ku Lichinga." Ndinachizindikira ndisanavale n'komwe magalasi. Mzimayi waima pa bicha, mzere wodikirira ufa, kumsana kwake kuli mtolo wa kapulana, chitenje chofiira, ndipo pansi pa mtolowo patulukira kaphazi kamodzi.

Mzimayiyo ndine.

Nthawi ya nkhondo ndinathawa kuchoka kumudzi kwathu ku Lione ndi mwana wanga yemweyu, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Bambo ake anali atatengedwa usilikali, osamvekanso. Ndinapeza kachipinda ku Sanjala, mu Lichinga muno, kwa anthu osawadziwa, olankhula Chiyao chimene ndinkangomva mwa apo ndi apo. Woti ndimusiyire mwana panalibe, woti ndimufunse kanthu panalibe. Mwanayo ankatsokomola, ndiye kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Popita pa bicha ndinkamukuta yense, mutu ndi mapazi omwe, dzanja langa lili kumbuyo, kumva ngati akupuma, kusuntha pang'ono, kumvanso. Azimayi ankandipatukira, ena ankandilola kupita kutsogolo osanena kanthu. Ine ndinkati akundisala poti ndine mlendo.

Pafupi ndi bichayo panali sukulu. Mphunzitsi wina wochokera kumwera ankakhala pakhonde n'kumatijambula, osatipempha. Tsiku lina anaimika chithunzi chachikulu padzuwa kuti utoto uume, azimayi n'kuunjikana. Kuseka kwake! Uyu akuti mphuno iyo ndi yako, uyo akuti wanama, ndi ya apongozi ako. Kenako mayi wina wogulitsa mbatatesi anayang'ana chithunzi, nayang'ana kumsana kwanga, ndipo mwana anatsokomola.

"Mwanawe, ndi wamoyo kodi? Nanga ukumuberekeranji ngati maliro? Taona wakujambula chomwecho."

Kwathu mwana wamoyo amaoneka mapazi, kuzizire bwanji. Wokutidwa yense ndi amene akuchokera naye kuchipatala atatisiya. Ndinkazidziwa zimenezi, koma mantha a chifuwa anandiiwalitsa, ndipo amayi oti andidzudzule anali atatsala ku Lione. Kapulana ndikanamasula pomwepo, koma pachithunzipo mwana wanga akanakhala wakufa mpaka kalekale, ndipo ndinkaopa kuti thupi lake lingatsatire.

Ndinasiya malo anga pa bicha, ndinakwera pakhonde paja ndi Chipwitikizi changa cha kalasi yachinayi.

"Kamarada pulofesolo, mwana wanga ndi wamoyo."

Anamwetulira, anati akudziwa. Anayamba kundifotokozera kuti mtolowo ndi katundu wolemera amene anthu onse asenza. Ndinamasula mfundo, ndinatulutsa phazi la mwana, lozizira, n'kuliika m'dzanja lake lautoto.

"Ili. Liikeni apo."

Anasiya kumwetulira. Anati utoto wa khungu watha, ndipo wina sungabwere msanga chifukwa msewu ndi wotsekeka. Sindinachoke. Anakokota pansi pa kachitini, nasakaniza ndi wofiira pang'ono, najambula, ine ndili chiimire pambali pake kuyang'ana dzanja lake. Tsiku limenelo ufa unandithera, ndinabwerera chimanjamanja, mapazi a mwana akundigunda m'chiuno njira yonse. Chifuwa chija chinatenga milungu ina, kenako chinasiya.

Pa foni mwana wanga anandiwerengera zimene alemba pansi pa chithunzicho. Akuti kaphaziko ndi dziko latsopano likuyamba kuyenda pakati pa mavuto. Anandifunsa ngati ndachikonda. Ndinafuna kumuuza, koma anati basi yake yafika, adzaimbanso.

Ndinakhala pakhonde ndekha, ndikukulitsa chithunzicho ndi zala mpaka kaphazi kadzaza foni yonse. Kali ndi zala zinayi. Utoto unathera pamenepo.