Gwinya ndi Supuni ya Amayi

Fungo la parafini ndilo limandibweza ku Cosmo, komwe tinkakhala ku Joni. Ndikangolimva, kaya pa golosale kaya m'nyumba ya munthu, ndimadziona ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditakhala pa bulangete m'kachipinda kathu, hita ikuyaka moto wake wabuluu, mphaka ali pamiyendo panga. Chinali chisanu cha 2008. Kuzizira kwa ku Joni kulibe ulemu, abale. Kumalowa m'mafupa, kumang'amba milomo, ndipo chaka chimenecho kunandisiyira chifuwa chouma chosamva mankhwala.

Tinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chizulu, wamkulu thupi, wolankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya. Tinkangowatchula a Mastandi, ndiye kuti eni nyumba. M'chipindamo munali bedi limodzi, wodilopu yopendama, ndowa ziwiri ndi kazenera koyang'ana pa waya woyanikapo zovala. Abambo ankagwira ntchito ya m'galadeni ku mayadi. Amayi ankachapa ndi kusita kwa mzungu wina.

Mphakayo anabwera yekha kuchokera kuseri kwa sipaza, kagolosale ka m'dera lathu, ali wowonda, nthiti zili pamtunda. Amayi anamuthamangitsa ndi tsache. Kwathu ku Dedza, iwo anati, mphaka wobwera yekha pakhomo umayamba wafunsa kuti wamutuma ndani. Abambo anaseka mpaka kutsamwa, nati mfiti yowonda chonchi ndiye kuti ntchito siikuyenda. Ine ndinalira, ndinagubuduka, mpaka anandilola. Atadya makombo kwa kanthawi ananenepa, nkukhala wobulungira ndi wofiirira ngati magwinya, mandasi a kumeneko aja. Dzina linachokera pamenepo. Koma amayi sankamukhudza, ndipo akadutsa pafupi ankafunya miyendo.

Kenaka zinthu zinayamba kusintha, mwakachetechete. Lachisanu lina abambo sanabwere. Amayi anati akugona kaye kwa bwana wawo, m'kanyumba kosungiramo makasu, poti mataxi savuta kukwera koma kutsika. Ine anandiletsa kupita kusukulu. Iwonso anasiya kupita kuntchito, ndipo popita ku mpopi anayamba kuvala thalauza, chitenje nkuchipinda pansi pa matiresi. Wailesi inkalankhula motsitsa. Masana kunkamveka nyimbo chapatali, zosakhala za tchalitchi kapena za ukwati, ndipo ndege ya chikapa inkazungulira pamwamba pa malata mpaka makapu kunjenjemera. Bambo wina wa ku Mozambiki amene ankasoka nsapato pakona anangosowa. Kampando kake kanakhala chogubuduzika pamenepo, palibe anakadzutsa.

Mawu oti makwerekwere, onyozera ife obwera kuchokera ku mayiko ena, ndinkawadziwa kale, anzanga ankanditchula choncho tikayambana pa fulaye. Chomwe sindinkadziwa nchakuti akuluakulu akawatchula amakhala atanyamula zibonga.

Ndiye m'masiku amenewo amayi, omwe aja a tsache, anasanduka mphunzitsi wa Gwinya. Ha! Ndinadabwa ine. Kale ankanyoza amphaka a mzungu wawo, oti ali ndi zidole zogula kusitolo pamene ana a anthu akugona ndi njala. Tsopano anaboola chitsekerero cha botolo ndi msomali, nkuchimangirira ku ulusi wa juzi yakale. Akachikoka pansi, Gwinya ankanyang'ama, matako akugwedezeka, kenaka nkudumpha. Akachiponyera m'mwamba cha ku zenera, iye ankalumphira pa kakhonde ka zeneralo, pakati pa katani ndi galasi. Akatero ankalandira mutu wa usipa. Usipa umenewo unali wodula, wochokera ku msika wa ku Yeoville, ndipo ifeyo tinkaudya mowerenga.

Panalinso masewera a makapu. Amayi ankavundikira kachidutswa ka usipa ndi kapu imodzi mwa atatu, nkuwasinthasintha pa simenti, Gwinya akutsatira ndi maso, makutu ali njo. Poyamba ankangogwetsa onse ngati chidakwa. Patapita masiku anayamba kuika dzanja pa kapu yeniyeniyo, nkutiyang'ana monyada. Ikakhala nthawi yanga, amayi ankayala zinthu pa thireyi, chipeso, machesi, batani, kiyi, nkuziphimba ndi nsalu, nkuchotsapo chimodzi kuti nditchule chasowa. Ndikalephera ankati, "Iwe Tiya, mpaka mphaka akupose? Tsegula maso, mutu si chotengera tsitsi ayi."

Koma masewera aakulu anali a supuni. Amayi akagogoda ndowa ndi supuni, pang'onopang'ono, ine ndinkayenera kusiya chilichonse, kunyamula Gwinya, nkulowa pa mpata wa pakati pa wodilopu ndi khoma, bulangete kumutu. Lamulo linali limodzi: woyamba kutulutsa mawu waluza. Wopambana akakhala ine ndinkalandira chingamu. Supuniyo inkalira nthawi iliyonse, ndili mkati modya, ndili mkati mosamba, ngakhale ndili pakati pa nkhani. Kuseri kuja kunkanunkha nkhungu ndi polishi wa nsapato za abambo. Gwinya anazolowera, ankangodzipinda pachifuwa panga, kainjini ka m'mimba mwake kakulira. Mdani wanga anali chifuwa chija. Amayi anandiphunzitsa kuluma bulangete chikayamba kukanda pakhosi, ndipo ndinkanyadira kuti ndayamba kupambana kawirikawiri.

Tsikulo linali la dzuwa, la mphepo yozizira. Tinali titangomaliza kudya buledi ndi tiyi masana. A Mastandi anafika pakhomo osagogoda, nkunong'oneza amayi. Ndinali ndisanawamvepo akunong'ona. Anatuluka, nkukoka chitseko. Ndinamva loko akutsekedwa kunja. Amayi anazimitsa hita, nkutenga supuni. Inalira pa ndowa mofooka, ngati yagwidwa ndi munthu wodwala.

Ndinalowa kuseri kwa wodilopu ndi Gwinya. Ulendo uno amayi sanakhale pa bedi nkumaseka monga mwa masiku onse. Anakhala pansi pafupi nane, msana kukhoma. Nyimbo zija zinali zitafika mumsewu mwathu. Kunali malikhweru, agalu, ndi chitsulo chokwekwereza pa mpanda. Geti linalira. Mapazi ambiri anadutsa m'mbali mwa nyumba yaikulu, nkudzaima pa waya wa zovala paja. A Mastandi ankakalipa m'Chizulu, chomwe ndinkachimva bwino, kuti alendi awo anathawa kalekale, onani loko.

Utsi wa hita yozimitsidwa kumene unadzaza m'chipindamo. Pakhosi panayamba kukanda. Ndinaluma bulangete mpaka ubweya kudzaza m'kamwa, misozi ili chuchuchu, koma chifuwa sichimva lamulo. Chinatuluka.

Kunja kunangoti zii. Kenaka munthu anagwira loko uja nkumugwedeza, ndipo mawu aamuna anafunsa kuti akutsokomola m'katimo ndani.

Amayi anavundukula bulangete, nkumulanda Gwinya m'manja mwanga. Aka kanali koyamba kuwaona atamunyamula. Anamuika pansi, nkutulutsa chitsekerero chija m'thumba la thalauza. Anachikoka kamodzi pa simenti, nkuchiponyera ku zenera. Gwinya sanaganize kawiri. Analumphira pa kakhonde kaja, nkugwetsa kapu ya miswachi, katani nkugwedezeka.

"Yikati!" anakuwa a Mastandi. "Ndi mphaka, anthu inu! Anamusiya m'menemo, akungotsokomola ubweya. Mukufuna kundithyolera chitseko chifukwa cha mphaka?"

Wina anaseka. Wina anamenya galasi ndi chibonga, magalasi nkuwazikira pa bedi. Ndinaona mchira wofiirira ukutuluka pa bowolo, ndinamva kukuwa ndi miyala ikugwa pa malata a nyumba yoyandikana nayo. Mapazi aja anathamangira komweko, akuseka ngati ana. Pang'onopang'ono nyimbo zinasunthira ku msewu wina.

Tinakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa linachoka pa katani. A Mastandi atatsegula, anangokhala pa ndowa, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Amayi anapisa m'thumba nkundipatsa chingamu. Ine ndinakana. Ndinati ndaluza, ndatsokomola, ndipo iwo abera masewera pomutulutsa Gwinya nthawi isanakwane. "Landira, mwanawe," anatero. "Lero mwapambana nonse."

Gwinya sanabwerenso. Masiku otsatirawo ndinkaima pa bedi, nkutulutsa ulusi uja pa bowo la zenera, chitsekerero chikulendewera kunja, ndikuchigwedeza. Ndinkaika mitu ya usipa pa kakhonde, nyerere nkumadya. Abambo atabwera tinasamukira ku Yeoville, m'chipinda cha pamwamba chodulidwa pakati ndi katani, ndipo ine ndinapita nawo ndili ndi mkwiyo. Ndinakwiyira amayi, osati anthu a zibonga aja. Kwa ine nkhani inali yosavuta: sankamufuna mphaka wanga kuyambira pachiyambi, ndipo atapeza mpata anamuponya kunja.

Ndinadzawafunsa nditakula, tikusankha nyemba pakhonde, ngati ankadziwa kuti chitsekerero chija chidzagwira ntchito imeneyo. Anati ayi, cha zenera chija chinangobwera m'mutu pomwepo. Chomwe ankadziwa nchakuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ukamuuza kuti abisale poti kukubwera anthu odzatipha, amalira, ndipo kulira kumamveka kunja. Ukamuuza kuti apikisane ndi mphaka, amaluma bulangete. "Umayesa usipa wanga wodula uja ndinkaphunzitsira mphaka?" anatero, osadzutsa mutu.

Nthawi yonse ija ndinkadziona ngati wothandiza aphunzitsi, wonyadira kuti Gwinya wathu akuchenjera. Sindinkadziwa kuti wophunzira ndinali ine. Lero ndili ndi mphaka wanga, ndipo ndimamuseweretsa ndi chitsekerero cha pa ulusi, koma sindichiponyera ku zenera. Mwana wanga akagogoda ndowa ndi supuni posewera, ndimapezeka nditasiya kupuma.